Samusa ya a Sumani

Ntchito yanga inali kuponya. A Sumani ankagwira rimoti, ine n'kunyamula ndegeyo pamwamba pa mutu, injini ikulira m'khutu ngati chigayo, n'kuthamanga nayo pang'ono, kenaka n'kuikankhira kumphepo. Ikakwera bwino, katswiri anali iwo. Ikagwa, wolakwa ndinali ine. Ndipo chaka chimenecho inkangogwa.

Dzina langa ndine Marko. Ndimakonza njinga pa Katete, pakhonde la shopu ya a Sumani, ndipo pakhondepo ndakhalapo kuyambira tsitsi langa lisanayambe imvi. Iwo anabadwira ku Malawi, anabwera kuno ali mnyamata, n'kutsegula shopu ya nsalu, ulusi ndi mabatire. Kuseri kwa shopuyo kuli kachipinda komwe amapangiramo ndege zazing'ono zouluka ndi rimoti. Kale ankapanga zamapiko owongoka ndi mchira, zooneka ngati ndege zenizeni, ndipo zinkauluka mopanda vuto. Mwana wawo Nadia anaphunzirira pa zimenezo akadali pasukulu, mpaka anafika poziulutsa kuposa bambo ake, ngakhale zimenezi sitinkazinena iwo alipo.

Koma mtima wa a Sumani unali pa ndege ina. Imeneyi ilibe mchira, ndi phiko lokhalokha la ngodya zitatu, injini kumphuno, kumbuyo tizitseko tiwiri tomwe timaikweza, kuitsitsa ndi kuikhotetsa. Anaiona ali wachichepere kwa mzungu wina yemwe ankamugwirira ntchito ku Limbe, ndipo pepala la mapangidwe ake analisunga zaka zonsezi atalikulunga m'paipi ya pulasitiki. Ankati adzaipanga Nadia akamaliza sukulu, kenaka ankati akamaliza kumanga nyumba, kenaka zaka zinangopita. Ataipanga tsopano, amayi a pamsika atangoiona anaitcha Samusa, ndipo dzinalo linakhala.

Matabwa opepuka omwe azungu amapangira zinthu zotere kuno kulibe. A Sumani anasema nthiti za phiko kuchokera ku chiwale, msana wake anaika wa mtengo wa malayina, n'kukuta zonse ndi nsalu ya nayiloni yopaka mankhwala oumitsa mpaka inkalira ngati ng'oma ukaigogoda. Injini yake kanali kanthu kokwana m'chikhatho, kakumwa mafuta osakaniza ndi a nsatsi omwe ankabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Mafutawo ankandithira m'malaya ndi m'tsitsi, moti mkazi wanga Ursula ankandinunkhiza ndisanalowe m'nyumba.

"Iyi palibe aigwire," anatero a Sumani tsiku lomwe anaimaliza, Nadia ndi ine titaima pakhomo la kachipindako. "Ndiiulutsa ndekha, ndiitsitsa ndekha, itere pansi ili yathunthu. Ndikachita zimenezo, Nadia atha kuseweretsa mmene angafunire."

Vuto linali maso. Katete yense ankadziwa kuti maso a a Sumani akutha, kungoti palibe ankanena. Kwathu kuno munthu wamkulu sumuuza zotere pamaso, umayenda m'mbali. Anthu omwe anawadziwa kwa zaka zambiri anayamba kupereka moni ndi dzina lawo lomwe, "Mwauka bwanji a Sumani, ndine Jairos," ngati alendo. Mayi akafuna chitenje chobiriwira sankatchulanso mtundu, ankangofika n'kuchigwira yekha. Galimoto anasiya kuyendetsa, ati msana ukuvuta, ankayendetsa ndi Nadia. Ulemu wonsewu unali wabwino ndithu, koma amene ankathamanga m'ziputu kukatola zidutswa za ndege ndinali ine.

Manja okha ndiwo sanakalambe. Ankayendetsa zala paphiko n'kupeza kabampu komwe ine ndi maso anga awiri sindinkakaona, n'kukapala mpaka kutha. Pa thebulo Samusa inalibe chilema. Koma ndege siuluka pa thebulo.

Tinkaulutsira m'munda wa kwa apongozi anga, panjira yopita ku Sinda, chifukwa ndi wafulati ndipo mitengo ili kutali. Atakolola n'kutentha, osaka mbewa ankasiya maenje paliponse, ndiye usanafike m'mawa woulutsa ndinkapita ndi khasu kukakwirira. Ursula ankandiyang'ana atagwira m'chiuno. "Kodi munda uwu ni wa chimanga olo ni eyapoti?" ankafunsa. "Muwauze anzanuwo, mvula ikangodontha chabe, ng'ombe zilowa na pulawo." Sankanama. Munda si wanga, ndine mkamwini, ndipo pa nkhani ya kulima mawu anga sapita patali.

Ulendo woyamba unali m'nyengo yozizira. Ndinaponya, Samusa inakwera mokongola mpaka ine ndinakuwa. Koma ndege yopanda mchira ili ndi khalidwe loipa. Ikapita patali imasanduka kamzere, sudziwa ngati ikupita kapena ikubwera, ngati yagona chagada kapena chafufumimba. Ngakhale wamaso akuthwa amayenera kuiyang'anitsitsa osaphethira. Itakhota kumapeto kwa munda inatembenuka, mimba kumwamba, ndipo a Sumani anakoka kandodo ka parimoti kuti ikwere. Inalunjika pansi, phwa! Fumbi linakwera.

"Mwaponya mopendeka, a Marko," anatero.

"Ndege yadutsa munda wonse ili bwinobwino, a Sumani. Kuponya kwanga kwaitsatira bwanji mpaka uko?"

"Ikachoka m'manja itapendeka, imapita nako kupendekako."

Ndinapita kukatola. Ndinabwera nditanyamula mphuno m'dzanja limodzi, phiko pakhwapa, nthiti za chiwale zikulendewera. Anazigwiragwira n'kunena kuti si zambiri, masabata awiri ikhala itadzuka.

Inadzukadi, ndipo inagwanso. Ulendo umenewo anati vuto ndi mtundu, nsalu yoyera imasowa m'mitambo. Nadia anaipaka chikasu chowala pamwamba, pansi n'kulembapo mizere ikuluikulu yofiira, moti ine ndinkaiona ndili kumseu. Itagunda chulu anati penti ya masiku ano ndi madzi okhaokha, siwala ngati ya kale. Sabata ya mwambo wa Kulamba anati mabasi opita ku Mkaika adzaza fumbi mumlengalenga. Tsiku lina inali mphepo, lina batire, lina ine kachiwiri, ati ndinathamanga kwambiri. Ulendo wotsatira ndinathamanga pang'ono, anati ndakalamba. Ndinkabwerera kunyumba mtima ukuwira, n'kulumbira kuti sindipitanso, koma Nadia akaliza hutala ya galimoto m'mawa ndinkapezeka ndakwera.

Chomwe chinandikwana chinachitika kumayambiriro kwa mwezi wa Okutobala. Samusa inakhota patali n'kuyamba kubwera kwa ife, koma a Sumani ankayesa kuti ikupitabe. Anawonjezera moto wa injini. Ndinakuwa kuti ikubwera, iwo anakankha kandodo mbali yolakwika, ine ndinadzigwetsa pansi. Inadutsa pamwamba pathu n'kulunjika kukanjira komwe mayi wina ankadutsa atasenza nkhuni, mwana ali kumsana. Inamuphonya pang'onong'ono, n'kukadzimenya pachitsa. Mayiyo anataya nkhuni n'kutitukwana ife ndi mitundu yathu yonse, ndipo ankayenera kutero. A Sumani anatembenukira komwe kunkachokera mawuwo.

"Kodi akulongolola ukoyo ndani?" anafunsa.

Mayiyo anali pafupi moti ndinkaona mkanda wa pakhosi pa mwana wake. Ndinapita kukapepesa, n'kumuthandiza kumanganso nkhuni.

Masana a tsiku lomwelo ndinasiya njinga ya munthu itagona chagada, n'kulowa m'kachipinda kaja. Ndinawapeza atayamba kale kuchotsa nsalu yong'ambika. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, olunjika, opanda kukometsera. Nditawaona atawerama, nkhope pafupi ndi phiko ngati akulinunkhiza, mawuwo anayamba kuthawa.

"A Sumani, ndege iyi ikakhala patali imavuta kuiona."

"Eya. N'chifukwa chake si ya aliyense."

"Ndikutanthauza kuti maso a munthu, tikamakula chonchi, amayamba kuchepa mphamvu. Olo ine nthawi zina ndimavutika."

Anadzutsa mutu. "Ndiye mukapimitse, a Marko. Musachite nazo manyazi. Mwina n'chifukwa chake mukuponya mokhota. Ku Chipata kuli malo abwino a magalasi, Nadia atha kukutengani."

Ndinatuluka. Ndinakatenga hamala n'kumenya limu ya njinga yomwe inalibe mlandu uliwonse, mpaka mwini wake anadzafunsa ngati ndikuikonza kapena ndikuimaliza.

Amayi a Nadia, a Sakina, anali atamva zonse kudzera pazenera. Madzulo ndikulongedza zitsulo anandiitanira kuseri n'kundipatsa tiyi, Nadia atakhala pampando pambali pawo.

"A Marko, tamva zomwe mumafuna kuwauza," anatero a Sakina. "Chonde musatero."

"Amayi, lero tikanapha mwana wa munthu."

"Ndikudziwa. Koma mukawauza, ndege ija aisiya. Akaisiya atsala n'chiyani? Shopu tikuyendetsa ndife, iwo amangokhalamo. Chowadzutsa m'mawa ndi chimenecho."

Nadia ndiye anandiuza zomwe sindinkadziwa. "Ankolo, si ng'ala iyi yakuti angachotse. Ni shuga. Dokota anauza ine, ati chaka chamawa azaziona chabe kuti uku kuwala, uku kuli mdima. Ababa anatuluka mu ofesi muja n'kuniuza ati afunika magalasi yatsopano."

Ndinaika kapu pansi. Mkwiyo wanga wonse unasowa kolowera, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Ndiye kuti panalibe za chaka chamawa. Samusa ikanati iuluke m'manja mwawo, inayenera kuuluka mvula isanagwe, ndipo m'manja mwawo sikanauluka.

"Nili na pulani," anatero Nadia.

Anafotokoza kuti ndege imamvera rimoti imodzi yokha, yomwe yalumikizidwa nayo. Iye anali ndi yake ya ndege zakale zija. Akanalumikiza Samusa ku rimoti yake, ya bambo ake n'kungoyaka magetsi osalamula kanthu. Iye akanaima kumbuyo kwawo, akuyang'ana zala zawo. Akakhotetsa bwino, iye n'kutsatira. Akalakwitsa, iye n'kukonza.

"Kumeneko n'kunamiza munthu wamkulu," ndinatero.

"Nanga Katete yonse ichita chani, ankolo? Aja amazitchula maina popereka moni achita chani?"

"Akadzadziwa?"

"Sazaziwa. Afuna chabe iuluke kamozi, itere bwino. Basi."

Sindinavomere, komanso sindinakane. Ndinapita kunyumba ndikudzitukwana kuti ndine munthu wopanda msana, wolephera kunena zoona, wolepheranso kukana bodza.

Kukonza kwa ulendo umenewu kunatenga nthawi. Chitsa chija chinathyola msana wa malayina, ndipo a Sumani anayenera kumasula pafupifupi phiko lonse. Kunja kunkatentha, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Oyendetsa minibasi anabwera ndi nkhani yoti ku Vubwi mvula yagwa kale, fumbi lagona. Mlamu wanga anatulutsa goli ndi pulawo n'kuziika pabwalo pomwe ndinkadutsa, kuti ndizione bwino. Ine tsiku lililonse ndinkasuzumira m'kachipinda kaja n'kufunsa ngati yatha, iwo n'kumandiuza kuti guluu sathamangitsidwa.

Tinapita Loweruka lina m'mawa, iwo atachoka kumapemphero, dzuwa lisanapse. Kum'mwera kunali kutada. Mphepo inali yochepa, yonunkhira mvula ya kwina. Nadia anavala mpango waukulu wofika m'chiuno, rimoti yake ili mkati. Ndinkaganiza kuti akabisala kuseri kwa galimoto, koma anangoima kumbuyo kwa phewa la bambo ake, poyera, n'kutulutsa rimotiyo. Sanafunikenso kubisala, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse m'mawa umenewo.

A Sumani anali ndi mwambo wawo ndege isananyamuke. Ankagwada, n'kuika chikhatho pa tizitseko ta kumbuyo tija, dzanja linalo likusuntha kandodo, kuti amve ngati tikuyankha. Ine ndinaiwaliratu za zimenezi. Anagwada. Anakankha kandodo kumanja, Nadia atasuzumira paphewa pawo anakankhanso kake, tizitseko tinasuntha. Kumanzere, chimodzimodzi. Anakoka, tinakwera.

"Zikuchedwa kuyankha," anatero. "Batire mwaitchaja?"

"Yadzaza, ababa," anayankha Nadia, mawu ake ali phee ngati akunena za tiyi.

"Mwina ndi fumbi," ndinatero ine, munthu yemwe ndinkadana ndi kunamizira fumbi.

Anayesanso kawiri n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Ndinaliza injini, n'kunyamula Samusa pamwamba pa mutu. Chala chawo chinakankha moto, cha Nadia chinatsatira, injini inakuwa. Ndinathamanga n'kuponya ndi mtima wanga wonse.

Abale, inauluka. Inakwera molunjika, n'kukhota mofatsa pamwamba pa chulu chomwe chinaithyola kale, n'kubwerera ikudutsa patsogolo pathu, utsi woonda ukutsatira kumbuyo. Miyezi yonseyi ndinali ndisanaionepo ikumaliza kuzungulira munda. Amayi opita kudimba anatula zidebe. Pamseu anyamata a njinga zonyamula anthu anaima, makasitomala awo ali pakaliyala, onse makosi m'mwamba.

"Mwaona, a Marko?" anakuwa a Sumani. "Mukaponya bwino zimatere!"

"Ndaona," ndinayankha, ndipo ulendo uno sindinatsutse.

Ankaseka ngati mwana. Nkhope yawo inkatsatira kulira kwa injini, koma mochedwa, moti nthawi zina ankayang'ana pomwe ndege yachoka kale. Zala zawo zinkagwira ntchito, ndipo ine ndinkaona kuti theka la zomwe zinkalamula zikanaikwirira pansi. Nadia anali thukuta lokhalokha, maso akuthamanga pakati pa ndege ndi zala za bambo ake, mlomo atauluma. Anapirira choncho maulendo angapo kuzungulira munda. Ndinayamba kukhulupirira kuti titha, kuti itera, anthu aomba m'manja, tibwerera ku Katete, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka Samusa inapita patali cha kumseu, komwe kunali anthu aja, ili ndi liwiro lalikulu. Nadia anachepetsa moto pang'ono asanaikhotetse. Injini inatsitsa mawu, n'kukweranso itamaliza kukhota. Kanali kanthu kakang'ono, ine sindikanakazindikira. Koma chala cha a Sumani cha moto sichinasunthe, ndipo iwo anasiya kuseka.

Anakhala duu, mutu atapendeketsa, akumvetsera. Ndege inabwera, inadutsa, inapita mbali inayo. Pokhota, injini inatsitsanso mawu. Ndinaona a Sumani akuchotsa chala chimodzi pakandodo, kenaka chinacho. Anagwira rimoti m'mbali mokha ngati mbale. Samusa inapitiriza ulendo wake, yowongoka, yosatekeseka, n'kukhotanso bwinobwino pamwamba pa chulu.

A Sumani anawerama pang'onopang'ono n'kuika rimoti ija pansi, paphulusa la udzu. Anaweramuka n'kupukuta manja pamkanjo wawo.

Nadia ataona zimenezo anadzidzimuka, ndipo ndege inagwedezeka mumlengalenga, phiko limodzi kugwa.

"Yang'ana ndege, osayang'ana ine," anatero a Sumani osatembenuka. Mawu awo sanali okalipa. Ndikanakonda akanakalipa.

Nadia anaiwongola.

"Umachepetsa moto usanakhote. Unayamba uli kamtsikana, ndinakuletsa, sunamve. Yopanda mchira sifuna zimenezo, ikhoza kukugwera."

"Ababa, pepani," anatero Nadia, misozi ikutsika koma maso ali kumwamba, chifukwa sakanatha kuwachotsako. "Ninafuna chabe kuti..."

"Ndamva."

"Niitsitse?"

Kumseu anthu aja anali akuomba m'manja ndi kuimba malikhweru, wina akukuwa kuti a Sumani lero aonetsa. A Sumani anaima manja ali lende, opanda chogwira, munthu yemwe anadikira ndege imeneyi kuyambira unyamata wake. Ndinamva chisoni chomwe sindinachimvepo ngakhale pamaliro, ndipo ndinadziwa kuti tawalanda chinthu chomwe sitingathe kuwabwezera. Sakanaiulutsa okha, zimenezo zinali zoona, koma mpaka m'mawa umenewo anali ndi ufulu woyesabe.

"Ayi, usaitsitse," anatero. "Mafuta akadalimo. Wonjezera moto, ipite m'mwamba."

Injini inakweza mawu.

"A Marko."

"Ndili pano."

"Sunthirani kuno."

Ndinasunthira pafupi. Ndinkayembekeza kuti andifunsa kuti nanenso ndinali m'chiwembuchi, ndipo ndinali wokonzeka kuwayankha, kuwakumbutsa za chulu, za chitsa, za mayi wa nkhuni, za maulendo onse omwe anandinamizira kuponya mokhota. Zonsezo zinali pakhosi.

"Tandiuzani mmene ikuonekera," anatero motsitsa mawu, kuti amayi a zidebe aja asamve. "Ine chiyambire tsiku loyamba lija, ikangochoka m'manja mwanu, sindimaionanso."

Zomwe zinali pakhosi zija ndinameza. Ndinayang'ana kumwamba, maso anga nawonso atayamba kuchita chifunga, n'kuwapukuta ndi mkono wonunkha nsatsi.

"Ikukwera," ndinayamba. "Mphuno kumwamba, ikulowera cha ku Sinda. Kumbuyo kwake kuli mtambo wakuda uja, ndiye ikuwala kwambiri. Lomba yayamba kukhota."

"Mbali iti?"

"Kumanzere."

"Pang'onopang'ono, a Marko, musadumphe kanthu," anatero. "Ndipo ikalakwitsa mundiuzenso."

Ndinawauza zonse mmene zinalili, mpaka mafuta anatha.